Mphindi Zimene Amalume Anati Ndichotse

Amayi atamwalira sindinalire. Ndinkatunga madzi, ndinkasesa, ndinkalandira anthu odzapepesa n'kumayankha kuti zikomo. Anthu ankati ndine mkazi wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima ayi, linali dzanzi, longa la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali pamphasa. Dzanzilo linandigwira chaka chathunthu, mpaka nthawi yomanga chiliza inakwana.

Ntchito yanga ndi yosunga zipangizo pasukulu ina m'chigwa chino cha Domasi. Ndimasunga makamera awiri, pulojekita, masipika ndi zingwe zimene anthu amabwereka osabweza. Kalekale ndinapitako kumaphunziro a milungu yochepa a kajambulidwe ka kanema, ndipo chichokereni kumeneko ndinkadziyesa katswiri. Tikamaonera masewero a pa wailesi ya kanema nthawi ya nkhomaliro ku ofesi, woweruza ndinali ine. Ndinkaseka masewero aja amene umachita kuoneratu kuti olemba anakhala pansi ndi mndandanda: wakumpoto alimo, wapakati alimo, wakummwera alimo, shehe alimo, abusa alimo, woyenda ndi ndodo alimo, koma nkhani mulibe. Ndinkati limeneli si sewero, ndi komiti. Anzanga ankangoti tsiku lina udzapange ako, tidzaone.

Chimene ndinajambulapo changachanga chinali chimodzi chokha. Miyezi isanu ndi iwiri amayi asanamwalire, mpunga utayamba kucha, ndinatenga kamera Loweruka lina n'kuwatsatira kumunda. Ndinalibe cholinga chenicheni, ndinkangofuna kuyesa maikolofoni yatsopano. Ndinawapeza atakhala pakachulu m'mphepete mwa munda, atagwira chingwe cha zitini chopirikitsira mbalame, phiri la Zomba lili kumbuyo kwawo. Ndinaimika kamera n'kuwauza kuti alankhule chilichonse.

Amayi anga sanali munthu wa mawu okoma. Pakamwa pawo panali lumo. Kwa mphindi pafupifupi makumi anayi anatukwana mpheta, anatukwana bambo wa munda woyandikana nawo amene ankawatsekera madzi, anati malemu bambo anga ankadziwa kuimba kwaya koma khasu linkawayabwa m'manja, anati tiyi wa mpongozi wawo wa ku Blantyre ndi madzi otsukira makapu. Ine kuseri kwa kamera ndinkaluma mlomo kuti kuseka kwanga kusamveke. Kenako anasiya chingwe chija, anayang'ana m'kamera mwenimweni, n'kuyamba kulankhula Chilomwe. Analankhula mphindi zinayi, pang'onopang'ono, osaphethira.

Ine Chilomwe sindimva. Makolo a amayi anachokera ku Mozambiki wapansi n'kudzakhala m'chigwa muno. Amayi ndi mlongo wawo, amalume anga, anakula akulankhula Chilomwe m'nyumba n'kumachibisa panja, chifukwa anzawo kusukulu ankawaseka nacho. Ife ana awo sanatiphunzitse. Tsiku limenelo sindinafunse kuti akunena chiyani. Ndinkayang'ana mmene dzuwa linkawalira pamasaya awo, mtima ukuti uyu ndiye kanema.

Anadwala milungu itatu yokha. Kuchipatala anatiuza kuti anali ndi chotupa m'mimba, chinali chitafalikira kale, tinabwera mochedwa. Tinawaika mvula yoyamba itagwa.

Chaka chotsatira, titagwirizana tsiku lovundukula chiliza, achimwene anga a ku Blantyre analemba pagulupu ya banja ya pafoni kuti achemwali ali ndi zithunzi zoyenda za amayi, atikonzere kanema tidzaonere tonse tikadzachoka kumanda. Anthu anavomera ndi timanja tija toomba. Ine ndinavomeranso. Ndinaganiza zopanga wa mphindi makumi awiri, wa amayi okhaokha, munda wawo, mbalame zawo, pakamwa pawo, n'kutsekera ndi Chilomwe chija. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni amayi ndinali ndi chinthu choti ndichite ndikadzuka.

Sipanathe masiku atatu, achimwene anaimba foni.

"Achemwali, akuchimuna mwawaikamo?"

"Akuchimuna alowamo bwanji, achimwene? Kanemayu ndi wa amayi."

"Aaa, inunso. Azakhali aja adzakhale pansi kuonera zinthu mphindi twente osadziona? Mukufuna nkhondo? Chibale ndi fupa, sichiola. Kawajambuleni anenepo kenakake."

Ndinati chabwino. Mawa lake anaimbanso za amayi a mumpingo, amene anasambitsa thupi n'kuimba nyimbo masiku awiri. Ndinati chabwino. Kenako zinali za anzathu achisilamu a tsidya la mtsinje amene anabweretsa nkhuni n'kuthandiza kukumba manda, poti maliro n'kulirana. Kenako akuntchito kwanga. Ndiye ngati akuntchito kwanga alimo, akuntchito kwa achimwene asiyidwe bwanji? Adzukulu a ku Joni anatumiza awo pafoni, atavala majekete, akulankhula Chingerezi. Mlamu wanga, mwini tiyi uja, anatumiza wa mphindi zisanu, akulira. Achimwene anachita kulemba ndondomeko yake monga timachitira ndi olankhula pamaliro, kuti woyamba akhale uyu, wachiwiri uyu, pasapezeke wodandaula kuti waikidwa kumapeto.

Ndinayenda Maloweruka atatu ndi kamera pachifuwa, pakabaza, paminibasi, pena wapansi m'mizere ya chimanga chouma. Kulikonse ndinkapeza anthu atasamba, atavala za kutchalitchi, atatulutsa mipando yabwino pabwalo. Ndipo onse ankanena chimodzimodzi: anali mayi wofatsa, wokonda kupemphera, wosadziwa kukangana ndi munthu. Ngakhale bambo wotseka madzi uja anaima kutsogolo kwa nyumba yake, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti iye ndi malemu ankakhala ngati pachibale. Ndinamujambula bwinobwino, ndinamuuzanso kuti asunthe pang'ono kuti dzuwa lisamuthobwe m'maso. Mayi wofatsa amene ankanenayo sindinkamudziwa, koma sizinandipweteke. Palibe chimene chinkandipweteka nthawi imeneyo.

Vuto linali lakuti mphindi sizitambasuka. Abusa anatipatsa theka la ola basi, poti pambuyo pake panali chakudya ndi alendo ofuna kukwera maminibasi kusanade. Munthu aliyense wolowa ankatenga malo a amayi. Ndinayamba ndi kudula za tiyi, chifukwa mwini wake adzakhalapo. Ndinadula za khasu la bambo, chifukwa cha azakhali. Ndinadula za madzi. Achimwene ataona zotsalazo anati zotukwana mpheta zichokenso, anthu a mpingo adzatiyesa banja lotani. Ndinkadula ndi chala chimodzi, kumanzere kwanga kuli kapu ya madzi, ngati munthu wosadza mtedza.

Chomaliza chimene achimwene anapempha chinali tchopa. Anati masiku ano anthu akunyadira mtundu wawo, tiyenera kuonetsa kuti ndife Alomwe. Anandipezera gulu lovina lochokera kutali ndi kwathu, ndinalijambula likuvina pabwalo la sukulu, zikopa, nthenga, fumbi koboo. Amayi sanavinepo tchopa ngakhale tsiku limodzi, ankati fumbi limawatsokomoletsa. Ndinaikamo mphindi zitatu.

Nditamaliza, amayi anatsala m'malo awiri. Poyamba ankaoneka akuyenda m'munda osalankhula, nyimbo ya kwaya ili pamwamba. Kumapeto kunali mphindi zinayi za Chilomwe zija, ndipo zimenezo ndinali ndisanakhudze ngakhale sekondi imodzi. Komiti imene ndinkaseka ija ndinali nditaipanga ndekha ndi manja angawa, ndinkadziwa. Koma ndinkati bola mphindi zinayizo zilipo, ndiye kuti amayi alimo.

Kwathu chinthu cha banja sichipita pagulu mwini mbumba asanachione. Choncho Lachitatu lina masana ndinakwera minibasi kupita ku Naisi kwa amalume. Amalume anagwira ntchito ya ukalaliki moyo wawo wonse, ndipo mpaka lero amamanga tayi ngakhale akungokhala pakhonde. Chibadwire sindinawamvepo akulankhula Chilomwe pamaso pa mlendo. Ndinaika laputopu pampando, iwo anakonza magalasi, magalimoto akuluakulu a ku Liwonde akudutsa kumsewu n'kumagwedeza malata.

Anaonera ngati akuwerenga kaundula. Munthu akatuluka ankamutchula mudzi wake n'kugwedeza mutu. Anandiuza kuti akuchimuna abwere patsogolo pa a mpingo. Tchopa atayamba anaseka pang'ono. Kenako panabwera nkhope ya mlongo wawo. Amayi atangolankhula mawu ochepa, amalume anasendera kutsogolo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kukamwa kuli yasa pang'ono. Zitatha anavula magalasi n'kuwagwira m'manja nthawi yaitali.

"Unajambula liti zimenezi?"

"Chaka chatha, amalume, mpunga ukucha."

"Mpunga ukucha," anabwereza. Anawerenga zala, kenako anasiya. "Wina wazionapo?"

"Achimwene okha. Koma nawonso samva. Kodi akunena chiyani?"

"Zachikale basi."

"Zachikale zotani?"

"Iwe mwana, chotsa zimenezi. Si zoonetsa anthu."

"Koma amalume, ndi pokhapa pamene amayi akulankhula."

"Ndamva. Chotsa. Wamva kodi?"

Ndinati ndamva. Ndinatseka laputopu, ndinakana tiyi, ndinatsazika.

M'minibasi yobwerera ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamve chaka chonse. Ndinapsa mtima. Unali mkwiyo wotentha, wokoma, ndipo ndinaukumbatira ngati mwana. Ndinkati taonani mkuluyu ndi tayi wake, zaka zonsezi akuchitabe manyazi ndi chilankhulo cha mayi ake. Ovina obwereka alowe, a ku Joni alowe, wakuba madzi alowe, koma malemu eni ake atsekedwe pakamwa chifukwa alankhula Chilomwe. Ndinakonza m'mutu mawu onse amene ndikanawauza, mpaka kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti tafika.

Ndinapanga makanema awiri. Wina wopanda mphindi zija ndinamutumiza kwa achimwene ndi uthenga wakuti amalume avomereza. Winayo, wathunthu, ndinamusunga ndekha.

Panali agogo angapo kumpingo kwathu amene Chilomwe amachimva. Ndikanatha kupita kwa mmodzi ndi laputopu, nyumba zawo n'zoyenda wapansi. Sindinapite. Ndinkadziuza kuti angakatsine khutu amalume. Koma kunena zoona, tanthauzo sindinkaliona ngati kanthu. Kwa ine mphindi zija zinali nkhope, kuwala ndi kamvekedwe ka mawu, umboni wakuti amayi anali Mlomwe weniweni osati wa nthenga. Ndinkaganiza kuti ndikudziwa kale zimene zinalimo, mwina za ulendo wa makolo, mwina pemphero. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tsiku la chiliza kunatentha. Titachoka kumanda, anthu anadzaza m'kalasi ina imene tinabwereka, mawindo titawatchinga ndi zitenje ndi mabulangete kuti mukhale mdima. Munkanunkha thukuta ndi mafuta odzola. Agogo anawakhazika kutsogolo pamphasa, amalume ndi akuluakulu ena pamipando m'mbali. Ndinalumikiza zingwe, ndinaloza pulojekita kukhoma, n'kusankha kanema wathunthu uja. 

Zinayenda monga achimwene anafunira. Munthu akaoneka pakhoma, abale ake ankafuula kuti ndi uyo, ndi uyo! Azakhali atadziona anaimba nthungululu okha. Amayi a mumpingo ankalozerana kuti wina duku linapendama. Anzathu a tsidya la mtsinje anaomba m'manja ataona mkulu wawo. Tchopa atayamba, ena kumbuyo anayamba kugwedeza mapewa mpaka abusa anachita kutembenuka. Palibe amene anasowa, palibe amene anadandaula.

Kenako nyimbo inatha, panabwera nkhope ya amayi, yaikulu kudzaza khoma lonse, n'kuyamba kulankhula.

Kumbuyo anthu anapitiriza kunong'onezana, ena akufunsa kuti chimenechi ndi chilankhulo chanji. Koma pamphasa kutsogolo panangoti zii. Agogo ena anati mayo ine, n'kudzifunda chitenje kumutu. Ena anatambasula dzanja kuloza kukhoma n'kuyankha m'Chilomwe, ngati akuyankha munthu wamoyo. Achitatu anatembenuka n'kundiyang'ana ine, kuyang'ana kokha, osaphethira, mpaka ndinayang'ana kumbali. Amalume anadzuka, anatenga chipewa, anadutsa patsogolo pa pulojekita, mthunzi wawo unaphimba nkhope ya mlongo wawo kamphindi, n'kutuluka.

Ndikuvomereza kuti ndinanyada. Ndinkati onani, kanema weniweni ndi ameneyu, wogwira anthu pamtima. Zitatha anthu anaomba m'manja. Achimwene anabwera n'kundinong'oneza kuti mwandipusitsa achemwali, koma zakoma, agogowa zawakhudza.

Ndinatuluka kukafuna amalume, mawu a m'minibasi aja ndili nawo okonzeka. Ndinawapeza kuseri kwa kalasi, atakhala pasimenti ya mjigo, suti yawo yabwino ili pafumbi. Tayi anali atamasula. Ndinagwada pambali pawo monga mwa mwambo, koma mutu ndinauimika.

"Amalume, mundikhululukire, koma sindikanatha kuwatseka pakamwa amayi."

Sanandiyang'ane. 

"Ndimafuna ndife nazo ndekha," anatero. "Tsopano amva agogo atatu, ndipo pofika mawa chigwa chonse chidziwa. Bola uzimve kwa ine."

"Amati chiyani?"

"Amati muli chinthu m'mimba mwawo, cholimba ngati chibakera. Amati chinayamba nthawi yodzala, chikukula, sagona nacho. Amati akuopa mpeni wa kuchipatala, akuopanso kufa, ndipo sanazolowere kuopa. Amati ayesa kukuuza kangapo koma m'Chichewa sizikutuluka pakamwa, zikumakhala ngati akupempha." Anapuma, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye kumapetoko amati, mwana wanga, tenga chinthu chakochi ukawaonetse amalume ako ku Naisi. Iwo akakuuza. Ukamva, ubwere udzanditenge tipite."

Kuchokera kwathu kukafika ku Naisi ndi ulendo waufupi, munthu umatha kupita m'mawa n'kubwerako tiyi asanazizire. Ndinawerenga miyezi imene amalume anayamba kuwerenga tsiku lija pakhonde. Inali isanu ndi iwiri. Sindikudziwa ngati madokotala akanatha kuchitapo kanthu, ndipo palibe amene angandiuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi anadikira.

"Sanakufunsepo?" anatero amalume. Sanafunse mokalipa. Ankangofuna kudziwa.

Anandifunsa. Ndinakumbukira pomwepo, ndili chogwada. Koyamba tinali kupuntha mpunga, anafunsa osandiyang'ana kuti kodi amalume ako anaona chija unajambula. Ndinati ayi, sindinachikonze. Kachiwiri panali patapita mwina miyezi iwiri, ndikuwapatsira shuga pakhomo, ndili pachangu. Anafunsanso chimodzimodzi. Ndinawayankha kuti amayi, zinthu zimenezi sizifuna kuthamanga, sindingaonetse anthu chinthu chosamaliza, ndikadzachikonza bwino aliyense adzaona. Anati chabwino. Sanafunsenso.

Ndinawauza amalume zonsezi, mawu anga akutuluka bwinobwino ngati ndikuwerenga mndandanda wa zipangizo. Anagwedeza mutu. Anaika dzanja paphewa langa, linali lopepuka ngati tsamba louma, kenako analichotsa. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, koma ngakhale manyaziwo ankakhala ngati ali patali, ngati ndi a munthu wina amene ndikumuonera.

Tili pomwepo achimwene anasuzumira pakona ya kalasi, thukuta lili kamukamu, akumwetulira.

"Achemwali, muli kuno? Anthu akuti mubwereze. Ena anali panja, sanadzione. Chakudya sichinapse, nthawi ilipo."

Ndinadzuka, ndinasasa fumbi pachitenje, ndinalowa. Agogo aja anali atachoka pamphasa. Anthu anali akukankhana kufuna malo abwino, azakhali atasendera kutsogolo kwenikweni. Palaputopu panali makanema awiri moyandikana. Ndinasankha uja ndinatumiza kwa achimwene, momwe aliyense alimo ndipo amayi salankhula. Ndinakhala pansi pafupi ndi zingwe, anthu anayambanso kufuula kuti ndi uyo, ndi uyo.